Mphenzi ya kwa Dambe: chimene chimalamula zochita za munthu tsoka likagwa

Kumapeto kwa mwezi wa Januwale 2016, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17 m'mudzi mwa Chimbalanga, kwa Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Neno. Misozi isadaume, gulu la anthu lidaukira okalamba anayi a m'banja la mtsikanayo ndi kuwapha, powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenziyo mwa ufiti. Wamng'ono mwa okalambawo adali ndi zaka 69, wamkulu adali ndi zaka 86. Nkhaniyi idagwedeza dziko lonse. Pulezidenti Peter Mutharika adadzudzula mchitidwewu, apolisi adamanga anthu angapo, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu adalankhula mwamphamvu.

Neno si dera limene Uthenga Wabwino udafikako dzulodzuloli. Ansembe Achikatolika a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo mpingo wa Seventh-day Adventist udakhazikitsa mishoni ya Matandani mu 1908. Pamene okalamba aja amaphedwa, mabelu a tchalitchi adali atalira m'mapiri amenewa kwa zaka zoposa 100. M'dziko lonse, kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu. Komanso m'midzi yomweyi mwana amaphunzitsidwa kugwada popereka madzi kwa agogo, ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Zimatheka bwanji tsono kuti dera lolemekeza akulu, lodziwa lamulo loletsa kupha, lidzuke tsiku lina ndi zikwanje m'manja?

Yankho lake likukhudza Mmalawi aliyense, wa kumudzi ndi wa m'tauni yemwe. Pa tsiku la tsoka, munthu amatsogozedwa ndi zimene mtima wake udazilandira kalekale ngati zoona zosafunika kufunsa. Chikhulupiriro chimene sichidafike pamenepo chimakhala chete pa ola limene chikufunika kwambiri.

Zooneka ndi zobisika

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu amasiyanitsa magawo atatu m'moyo wa mtundu uliwonse. Gawo loyamba ndi la zooneka ndi maso: kavalidwe, kaperekedwe ka moni, kayendetsedwe ka ukwati ndi maliro. Lachiwiri ndi la zikhulupiriro zimene munthu angathe kuzitchula pakamwa, monga kuti Mulungu ndi mmodzi kapena kuti kuba ndi tchimo. Lachitatu ndi kaonedwe ka dziko, ndiye kuti maganizo ozama amene munthu amayezera china chilichonse, koma iye mwini sawaona. Kodi imfa ya mwana ingangochitika popanda dzanja la munthu? Kodi mawu olankhulidwa mu mkwiyo angadwalitse munthu? Kodi kulemera kwa mmodzi kumachokera m'kusauka kwa anzake? Mayankho a mafunso otere salembedwa pabolodi. Mwana amawatola pachitsime, pamtondo, pamaliro, ndi m'manong'onong'o a akuluakulu usiku.

Gawo loyamba limasintha msanga. Lachiwiri limasintha munthu akaphunzira katekisimu kapena akalowa kalasi ya ubatizo. Lachitatu limatha kukhala chikhalire kwa mibadwo ingapo. Taganizirani alimi awiri a mbatata ya kachewere kumtunda kwa Neno, amene minda yawo yagwidwa ndi chiwawu. Wina athamangira kwa mlangizi kukafunsa za mankhwala opopera. Mnzake ayamba kukumbukira amene adadutsa m'mundamo madzulo, ndi amene adayamikira mbewuyo mopitirira muyeso. Awiriwa angathe kukhala a kwaya imodzi, ovomereza chikhulupiriro chimodzi pa Sabata kapena Lamulungu. Chowasiyanitsa ndi funso limene aliyense amayamba kudzifunsa zinthu zikalakwika.

Wa mumzinda asadzione ngati wapulumuka. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wa mu 2022 adapeza kuti Amalawi 74 mwa 100 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo, ndipo ophunzira sadatsalire m'mbuyo pa chikhulupirirochi. N'chifukwa chake munthu wa digiri yake ku Blantyre kapena ku Lilongwe amabisa zoti wakwezedwa pantchito, amaopa kumanga nyumba ya malata kwawo, ndipo mwana akadwala atangochokera kutchuthi kumudzi amayamba kuwerenga mayina a abale.

Funso lakuti "ndani?"

Mu 1937 katswiri wa ku Britain, E. E. Evans-Pritchard, adasindikiza zimene adapeza pakati pa Azande, mtundu wa kudera limene lero ndi South Sudan. Chitsanzo chake chotchuka ndi cha nkhokwe. Chiswe chimadya mizati ya nkhokwe, ndipo tsiku lina nkhokweyo imagwera anthu amene adakhala pansi pake pothawa dzuwa. Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chidafooketsa mizatiyo. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti, n'chifukwa chiyani nkhokweyo idagwa pa nthawi yomwe anthu amenewo, osati ena, adali pansi pake. Ufiti unkayankha funso limenelo.

Ndi mmenenso zilili ndi mphenzi. Sayansi imafotokoza kuti m'mitambo italiitali ya mvula yamabingu, timadontho ta madzi ndi timatalala timakhulana mpaka kudzaza mphamvu ya magetsi, ndipo mphamvuyo ikachuluka imatsikira pansi kudzera pa chinthu chimene chatalika kuposa zinzake: mtengo, chitunda, kapena munthu woima poyera. Mwezi wa Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo kwa Dambe ndi kumapiri, kufupi ndi malire a Mozambique. Nyumba ya udzu siteteza munthu ku mphenzi monga imachitira nyumba yolimba yokhala ndi waya wotsitsira mphamvuyo m'nthaka. Zonsezi ndi zoona, koma mayi woferedwa safunsa za mitambo. Amafunsa chifukwa chake mphenziyo idasankha mwana wake.

Kaonedwe ka makolo kadali ndi mayankho angapo. Imfa ya munthu wokalamba inkatchedwa imfa ya Mulungu. Matenda ena ankati ndi mdulo kapena tsempho, obwera chifukwa chophwanya mwambo. Ena ankati mizimu yakwiya. Koma imfa yadzidzidzi ya munthu wamng'ono inkadzutsa funso lakuti "ndani?" Max Marwick, amene adafufuza pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia ndi kusindikiza buku lake mu 1965, adapeza kuti oposa theka la matsoka amene adawalemba ankanenedwa kuti adachokera kwa afiti. Adapezanso kuti chala chinkaloza kwambiri abale a mbumba imodzi, anthu amene adali kale ndi mkangano wa chuma, malo kapena udindo, koma mwambo sunkawalola kukangana poyera. Mlandu wa ufiti unkakhala khomo lotulukirapo mkwiyo umene udasungidwa zaka zambiri.

Izi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake ophedwa a kwa Chimbalanga adali a m'banja la malemuyo. Kawirikawiri woganiziridwa sakhala mlendo. Amakhala munthu wodya naye mbale imodzi.

Kale funso lakuti "ndani?" linkapita kwa woombeza ula, kenako kubwalo, ndipo mapeto ake kunali kumwa mwavi, umene udapha anthu ambiri osalakwa. Boma la atsamunda lidaletsa mwavi ndi lamulo la za ufiti la 1911, lomwenso lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo lidachotsa chikho cha mwavi, koma funso lija lidatsala m'mitima. Lero likadzuka, nthawi zambiri limayankhidwa ndi gulu lokwiya, lopanda woweruza ndi mboni.

Chifukwa chiyani okalamba?

Chikhalidwe cha Amalawi chimalankhula mawu awiri pa za munthu wokalamba. Mbali imodzi chimati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mawu awo amakoma akagonera. Mbali ina chimanong'ona kuti munthu wokhalitsa padziko amadziwa zambiri, ndipo wodziwa mankhwala ochiritsa sangalephere kudziwa opha. Pa masiku a mtendere amamveka mawu oyambawo. Pa tsiku la maliro a mwana, achiwiriwo amakula mphamvu.

Pali zinthu zingapo zimene zimaika okalamba pangozi. Mliri wa Edzi udatenga anthu ambiri a zaka zapakati ndi kusiya agogo akulera zidzukulu, ndipo m'maso mwa ena kudaoneka kosayenera kuti nkhalamba ikhale moyo pamene ana ake akutha. Umphawi nawo umachititsa kuti wokalamba wosatha kulima aoneke ngati mtolo, ndipo amene adamumana chakudya amayamba kuopa kuti wasungidwa chakukhosi. Munda umene gogo akuusungabe umakhala ndi ouyang'ana. Palinso matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amachititsa munthu kusochera usiku, kuvula zovala pagulu, kulankhula yekha, ngakhale kuvomera milandu imene sadapalamule. Kwa dokotala zimenezi ndi zizindikiro za ubongo wodwala. Kwa mudzi wa mantha ndi umboni wakuti wagwa m'ndege ya ufiti.

Chachikulu n'chakuti wokalamba alibe mphamvu zobwezera. Nkhanza zotere sizidathere ku Neno. Mu Disembala 2022 dziko lidaona kanema wa amayi okalamba ku Mzimba akuzunzidwa pamanda ndi kukakamizidwa kukwirira maliro, powanena kuti ndiwo adapha malemuyo. Bungwe la Malawi Network of Older Persons' Organisations lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa ndi ovulazidwa pa milandu yomweyi.

Mpata umene udatsala

Amishoni amene adafika ku Neno ndi madera ena adabweretsa sukulu, zipatala ndi Baibulo m'chinenero cha anthu. Sadabweretse Mulungu wachilendo kotheratu, pakuti makolo ankamudziwa kale Namalenga, Chauta, Mphambe wa mabingu. Dzina lakuti Mulungu lidalowa m'Buku Lopatulika la 1922, ndipo Buku Loyera la 1998 lidatenga dzina lakuti Chauta. Pa za Mlengi, uthenga watsopano ndi nzeru zakale zidakumana mosavuta.

Vuto lidali pa zinthu za pakati. Paul Hiebert, mmishoni amene adatumikira ku India, adalemba mu 1982 kuti amishoni ambiri a ku Ulaya ndi ku America adaleredwa m'maphunziro ogawa dziko pawiri. Kumwamba kudali za Mulungu, tchimo ndi chipulumutso, ndipo zimenezo zidali za mpingo. Pansi padali matenda, mvula ndi mbewu, ndipo zimenezo zidali za sayansi. Koma anthu amene ankawalalikira ankakhala tsiku ndi tsiku m'gawo la pakati, la mizimu, matemberero, maloto, mwayi ndi tsoka. Akafunsa za zimenezi, ambiri ankangouzidwa kuti kulibe zotero, kapena ankadulidwa mumpingo akapezeka kwa sing'anga.

Mkhristu adaphunzira kusatchula mantha ake pamaso pa abusa kapena ansembe. Masana ankapita kutchalitchi, usiku ankagogoda kwa woombeza. Mbiri ya dziko lino ikusonyeza kukula kwa mpata umenewu. M'zaka za m'ma 1930 gulu la mchape, limene lidayambira ku Mulanje, lidayenda m'midzi ndi kufalikira m'mayiko oyandikana, likumwetsa anthu mankhwala oti atsuke ufiti. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, makamu a anthu ankayenda mitunda italiitali kupita kwa Chikanga ku Rumphi kuti akawauze wowalodza. Pakati pa makamu amenewa Akhristu sankasowa.

Lero mpata womwewo ukudzazidwa ndi aneneri ena amene amauza munthu kuti wamumanga ndi azakhali ake kapena agogo ake akumudzi. Zida zasintha. M'malo mwa ula pali vumbulutso, m'malo mwa nsupa pali botolo la mafuta. Koma funso likadali lomwe lija lakuti "ndani?", ndipo chala chikulozabe m'bale. Pamenepa kaonedwe kakale kangovala suti ndi kunyamula Baibulo, ndipo kakuoneka koopsa kuposa kale chifukwa tsopano kakulankhula m'dzina la Mulungu.

Malemu Bishopu Patrick Kalilombe adaliona vutoli. M'zaka za m'ma 1970, ali mkulu wa dayosizi ya Lilongwe, adalimbikitsa miphakati, timagulu ta Akhristu a m'dera limodzi, kuti chikhulupiriro chizikambidwa pamene anthu akukhala, pa mavuto awo enieni. Cholinga chake chidali chakuti mpingo uzike mizu m'moyo wa anthu wamba, usakhale wa mkati mwa makoma a tchalitchi mokha.

Baibulo pa tsiku la tsoka

Baibulo silikana kuti mphamvu zoipa zilipo. Limakamba za Satana, za mizimu yonyansa ndi za amatsenga. Koma wowerenga mosamala adzaona chinthu chodabwitsa: m'nkhani zake zonse za imfa, matenda ndi ngozi, mulibe pamene anthu a Mulungu akuuzidwa kukasaka mnansi amene wawalodza.

Yobu ndiye chitsanzo choyandikira kwambiri nkhani ya kwa Dambe. M'mutu woyamba wa bukulo, moto wochokera kumwamba udapsereza nkhosa ndi antchito ake, ndipo chimphepo chidagwetsera nyumba ana ake onse. Abwenzi ake adafunafuna wolakwa ndipo adaloza Yobu mwini. Kumapeto kwa bukulo Mulungu adawadzudzula kuti sadalankhule zoona za iye. Yobu sadauzidwe chifukwa cha tsoka lake, koma adakumana ndi Mulungu pakati pa tsokalo.

Pa Yohane 9, ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona adafunsa funso la kaonedwe ka mtundu wawo: adachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake? Yesu adakana mbali zonse ziwiri, nalozera ku ntchito imene Mulungu akufuna kuchita mwa munthuyo, kenako adamuchiritsa. Ophunzira ankafuna woti amuimbe mlandu, Yesu adaona woti amuthandize. Pa Luka 13 adatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, ndipo adanena kuti sadali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Nsanja imeneyi ikufanana ndi nkhokwe ya Azande, koma Yesu sadalole kuti ngoziyo isanduke mlandu wa munthu wina. Adauza omumvera kuti aliyense adziyang'ane yekha ndi kulapa. Pa Machitidwe 28, anthu a pachilumba cha Melita ataona njoka italuma Paulo adagamula kuti ndi wopha anthu, ndipo ataona kuti sadafe adati ndi mulungu. Adalakwitsa kawiri konse, chifukwa ankawerenga ngozi ngati chigamulo.

Ena amathamangira ku Eksodo 22:18, vesi lolamula kuti wamatsenga asasiyidwe ndi moyo. Liwu la Chihebri limene lili pamenepo ndi la muzu umodzi ndi limene likutchula amatsenga a Farao pa Eksodo 7 ndi a mfumu Nebukadinezara pa Danieli 2. Amenewa adali anthu ochita zamatsenga poyera ngati ntchito yawo, olembedwa ntchito kunyumba za mafumu. Sadali agogo oganiziridwa kuti amauluka usiku. Komanso Chilamulo chomwecho, pa Deuteronomo 19, chimafuna mboni ziwiri kapena zitatu pa mlandu uliwonse, chimalamula oweruza kufufuza mosamala, ndipo mboni yonama imalandira chilango chimene inkafunira mnzake. Maloto, mphekesera ndi mawu a woombeza sizikadaima m'bwalo lotere.

M'Chipangano Chatsopano, Simoni wamatsenga wa ku Samariya adadzudzulidwa ndi Petro ndi kuuzidwa kuti alape. Ku Efeso, amatsenga amene adatembenuka adatentha okha mabuku awo a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Chidapsa ndi mabuku, munthu sadakhudzidwe. Polembera mpingo wa ku Efeso komweko, Paulo adati nkhondo ya Mkhristu siyolimbana ndi anthu a thupi ndi magazi, ndipo kwa Aroma adaletsa kubwezera choipa. Choncho ngakhale Mkhristu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ufiti ulipo alibe chilolezo chokweza dzanja pa munthu. Zida zimene adapatsidwa ndi pemphero, choonadi ndi chikhulupiriro.

Pa za okalamba Baibulo likugwirizana ndi mawu abwino a chikhalidwe chathu. Levitiko 19:32 imalamula kuimirira pamaso pa waimvi. Paulo adauza Timoteo kuti azitenga amuna achikulire ngati atate ake ndi amayi achikulire ngati amayi ake. Pa Marko 7 Yesu adadzudzula mwambo umene unkapatsa ana njira yothawira udindo wosamala makolo. Apa pakuoneka momwe Chikhristu chimachitira ndi chikhalidwe chilichonse, cha Ayuda, cha Azungu kapena cha Angoni ndi Amang'anja a ku Neno. Chimavomereza ndi kulimbitsa zabwino, monga ulemu kwa akulu, kulirana maliro ndi umunthu wonena kuti kali kokha n'kanyama. Chimatsutsa chilichonse chimene chimachotsa ulemerero wa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Kukonzanso maganizo kumene Paulo akukamba pa Aroma 12:2 ndiko kusintha kwa gawo lachitatu lija.

Lamulo ndi chipatala

Boma lili ndi mbali yake. Bungwe la Malawi Law Commission lidayamba kuunikanso lamulo la 1911 mu 2009, ndipo kumapeto kwa 2021 komiti yake yapadera idapereka maganizo akuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Ena adakondwera, ponena kuti lamulo lokana zimene anthu ambiri amakhulupirira limawakankhira kukadziweruzira okha. Ena, monga omenyera ufulu wa okalamba, adachenjeza kuti palibe umboni umene khoti lingaugwire pa mlandu wa ufiti, ndipo olangidwa adzakhala osauka ndi ofooka omwe aja. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Malamulo otere ndi ofunika, ndipo wopha munthu ayenera kuyankha mlandu wakupha. Koma apolisi amafika zinthu zitachitika kale, makamaka m'boma ngati Neno, limene lidapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndipo anthu ake 138,291, malinga ndi kalembera wa 2018, amwazikana m'mapiri a misewu yovuta nthawi ya dzinja.

Neno yemweyo akupereka chitsanzo cha momwe kaonedwe ka zinthu kamasinthira. Kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa za Umoyo pachipatala cha boma cha Neno, cha Lisungwi ndi zipatala zing'onozing'ono. Mu 2015 adayambitsa kiliniki imodzi yothandiza odwala matenda a mgonagona osiyanasiyana, monga HIV, kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda a maganizo, ndipo anthu a zaumoyo a m'midzi amayendera mabanja khomo ndi khomo. Khunyu ndi misala ndi ena mwa matenda amene anthu amafulumira kuwatcha olodzedwa. Mwana amene ankagwa kawirikawiri akayamba kumwa mankhwala n'kusiya kugwa, banja lake limaona ndi maso kuti padali kufotokoza kwina, ndipo gogo amene ankaganiziridwa amapeza mpumulo. Munthu sasiya kaonedwe kakale chifukwa chonyozedwa kuti ndi mbuli. Amakasiya akapeza yankho lina limene likugwira ntchito m'nyumba mwake.

Komabe chipatala chili ndi malire. Chingathe kunena chimene chapha munthu, koma sichingauze woferedwa chochita ndi chisoni ndi mkwiyo wake. Ntchito imeneyo ndi ya mpingo, mafumu ndi banja.

Pamene mpingo ukuyesedwa

Nthawi yoopsa kwambiri imakhala pakati pa kumveka kwa uthenga wa imfa ndi kutsitsidwa kwa bokosi. Ndi m'maola amenewa pamene manong'onong'o amayamba kusiwa, achinyamata okumba manda amauzana mayina, ndipo mawu amene malemu kapena gogo wina adalankhula chaka chatha amakumbukiridwa. Akhristu amakhala ali pomwepo. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati ndiwo amagona pamaliro, kuphika ndi kuimba usiku wonse. Akulu a mpingo ndiwo amakhala pafupi ndi anamfedwa. Amamva mphekesera isadakule. Mkulu wa mpingo amene angapite kukakhala pambali pa wokalamba woganiziridwa, n'kutumiza uthenga kwa mfumu ndi apolisi nthawi ikadalipo, angapulumutse moyo.

Ulaliki wa pamaliro nawo uli ndi mphamvu. Mlaliki amene amaponya mawu okuluwika akuti amene wachita izi Mulungu amuona amathira mafuta pamoto. Amene amatsegula Yobu kapena Luka 13, navomereza kuti imfa ya mwana ndi yowawa ndi yosamvetseka, nakumbutsa anthu kuti mlandu wopanda umboni ndi umboni wonama, amapatsa olira njira ina yonyamulira chisoni chawo.

Zambiri ziyenera kuchitika tsoka lisadagwe. Makalasi a ubatizo ndi chilimbitso, Sande sukulu ndi Sukulu ya Sabata angathe kukamba poyera za maloto oipa, matemberero ndi mantha a ufiti, m'malo mosiya nkhanizi kwa oombeza ndi aneneri oloza zala. Mkhristu wa mantha ayenera kupeza mumpingo anthu omumvera ndi kupemphera naye popanda kumuseka, komanso popanda kumupatsa dzina la mdani. Mipingo ingathe kuitana a zaumoyo kudzafotokoza za khunyu ndi matenda oiwalaiwala, ndi kuphunzitsa ana kuti mabingu akayamba asabisale pansi pa mtengo kapena kuima poyera. Bungwe la Chikatolika loona za chilungamo ndi mtendere, CCJP, ndi limodzi mwa amene akhala akudzudzula nkhanza kwa oganiziridwa ufiti, koma mawu a m'maofesi amafunika owabwereza m'mudzi. Ndipo wokalamba amene mpingo umamuyendera, kumufolerera nyumba ndi kumulimira munda savuta kumuteteza, chifukwa mudzi umadziwa kuti ali ndi anthu.

A m'tauni ali ndi gawo lawo. Milandu yambiri ya kumudzi imakolezedwa ndi foni yochokera mumzinda, ya mwana amene wauzidwa kumapemphero kuti ntchito yake yamangidwa ndi wachibale. Ndalama zolipira woombeza nazo nthawi zambiri zimachokera komweko. Amene amatumiza uthenga wotere pa WhatsApp ali kutali sadzaona chimene mawu akewo adzachite akafika m'manja mwa anyamata okwiya.

Mvula idzagwabe m'mapiri a Neno, ndipo mphenzi, matenda ndi ngozi sizidzatha. Chimene chingasinthe ndi funso loyamba limene mudzi umafunsa uthenga woipa ukafika. Kukula kwa Chikhristu m'dera kumayezedwa ndi kuchuluka kwa matchalitchi ndi mayina a m'kaundula, koma kuzama kwake kumadziwika pa tsiku limene mwana wafa mwadzidzidzi, ndipo gogo wa m'nyumba yoyandikana akugona usiku umenewo wopanda mantha.